Miyala Yoyera ya a Filipo

"Funso langa ndi limodzi basi, mlongo wanga," anatero a Adamson, akukokera mpando wawo mumthunzi wa khonde. "Loweruka likubwerali, kumbali ya kuchimuna kukhala ndani?"

A Benedeta anali pamphasa atatambalala, akupukuta nsapato za malemu amuna awo ndi kansalu konyowa. Zinali nsapato zopepuka, zotha kuchidendene kokha, pakuti mwini wake ankaponda ndi chidendene poyamba monga anaphunzirira kwawo. Panali patadutsa masiku asanu ndi limodzi chiikireni a Filipo m'manda a kumishoni ku Nambuma, ndipo pa masiku amenewo nsapatozo zinali zitapukutidwa katatu.

"Ndikuyankhula ndi inu, aNambewe."

"Ndamva, alongo."

"Mukamva muziyankha. Amayi asanu ndi awiri akugona m'nyumba muno, asiya nazale zawo za fodya zikuuma. Mitambo mukuionayo siyocheza ayi. Anthu akufuna kubalalika, koma sangachoke inu musanasudzulidwe."

A Adamson, mlongo wamkulu wa a Benedeta ndiponso mwini mbumba, sanali kunama. Mwamuna akamwalira, abale ake amabwera kudzakhala moyang'anizana ndi abale a mkazi, nanena pamaso pa anthu kuti alibe naye chifukwa, ndi mfulu. Mawuwo asananenedwe, wamasiye amakhala womangika. Kumunda sapita, kumsika sapita, ndipo amene abwera kudzamukhazika sangamusiye. Akuluakulu anali atagwirizana kuti kumeta ndi kusudzula zichitikire limodzi, monga ambiri achitira masiku ano, kuti anthu asayende kawiri.

Vuto linali lakuti a Filipo analibe mbale m'dziko muno. Anabadwira ku Italy, m'mudzi wina wa kumapiri umene dzina lake a Benedeta analephera kulitchula bwino kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Pa unyamata wawo anali katswiri wa mpikisano woyenda ndawala, uja wakuti munthu ayende makilomita makumi asanu phazi limodzi lili pansi nthawi zonse, ndipo akangodumpha ngati wothamanga amachotsedwa. Anavalapo malaya abuluu a dziko lawo kawiri konse, koma mendulo sanapate. Bondo litayamba kuvuta, anabwera kuno mu 1979 kudzathandiza ansembe kumanga makalasi kwa zaka ziwiri. Zaka ziwirizo sizinathe. Anakwatira, anamanga nyumba pamalo a akazi awo monga mkamwini aliyense, nakhala nzika. Ndale za zipani zambiri zitabwera, anthu anawaimika kuti akhale khansala, ndipo anasankhidwa katatu. Voti sanaipempherepo pagalimoto. Ankayenda wapansi mudzi ndi mudzi, chiuno chikugwedezeka mwa kayendedwe kawo kaja, ana akuwatsanzira m'mbuyo. Ku khonsolo ankaimirira ndi kunena kuti kuchokera mudzi wakutiwakuti kukafika kuchipatala pali mtunda wakuti, ndipo wina akatsutsa ankangoti, "Ndayendamo ndekha Lachiwiri. Inu munayendamo liti?"

Ezeliya, mwana wawo yekhayo, amene ankaphunzitsa sukulu ku Kasiya, anatuluka m'nyumba foni ili m'manja.

"Ndayankhula nawo azakhali a ku Italy," anatero. "Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndege sangakwere. Ndawafotokozera m'Chingerezi changa, iwo akundiyankha m'Chingerezi chawo. Andifunsa kuti, 'Timumasule ku chiyani? Kodi alipo wamumanga?' Kenaka angolira basi."

"Ndiye mwamva," anatero a Adamson.

"Nanga ine sindingakhaleko kumbaliko, atsibweni? Ndine magazi awo."

"Iwe ndiwe wa mbumba yanga. Sungasudzule amayi ako. Zimenezo usadzazinenenso pagulu, angatiseke."

Pomwepo galimoto yoyera inaima pachipata. Munatuluka Ignatius, wapampando wa chipani m'deralo, amene anabwereketsa tenti ndi mipando ya pamaliro. Pofika pakhonde anapunthwa pamwala wopakidwa laimu umene unali pafupi ndi khomo la kutsogolo, nagwira chipilala kuti asagwe.

"Mwala uwu muuchotse, amayi, udzathyola munthu mwendo," anatero akuseka. A Benedeta anali atanena mawu omwewo kwa amuna awo nthawi zosawerengeka, koma tsikulo sanawavomereze.

Ignatius anagwada, ndipo anagwada bwino, pakuti kugwada ankakudziwa.

"Amayi, nkhawa yanu taimva. A Filipo anali bambo wathu, ndipo kwawo kunali kuchipani. Ngati kuchimuna kulibe munthu, tikhalako ife. Mawu ake ndiyankhula ine, nkhuku yosudzulira ndapeza kale. Za katundu wa malemu sitikufuna zambiri ayi. Tingotenga nsapato mukupukutazo ndi malaya abuluu aja. Tiziyenda nazo m'misonkhano kuti anthu aziona kuti ntchito yawo sinafe."

Chimene sananene, ngakhale aliyense pakhondepo ankachidziwa, chinali chakuti chisankho chapadera chodzaza mpando wa a Filipo chinali pafupi, ndipo wofuna mpandowo anali Ignatius yemweyo.

"Amuna anga anagona m'chipatala milungu isanu," anatero a Benedeta, osakweza mutu. "Inu munabwera tsiku liti?"

"Amayi, ntchito za chipani mukuzidziwa mmene zimakhalira."

"Ndangofunsa tsiku, kuti ndikumbukire."

Ignatius anayang'ana kwa a Adamson, natsokomola, nanena kuti adzafika Loweruka m'mamawa. Galimoto itapita, a Adamson anapukusa mutu.

"Munthu wakubwerekani tenti simumufunsa masiku, mlongo wanga. Ine ndamuvomera. Si mbale, ndikudziwa, koma mpando sungakhale wopanda munthu. Pokhapokha mutandionetsa wina."

Ezeliya anakhala pansi pafupi ndi amayi ake.

"Kodi pa ukwati wanu, nkhoswe ya ababa anali ndani?"

"Bambo mfumu a ku Italy aja," anayankha msanga a Adamson. "Anamwalira kalekale."

"Ansembe anangodalitsa," anatero a Benedeta. "Nkhoswe anali a Chakufwa."

A Adamson anaseka pang'ono. "Tenanti uja? Kodi alipo n'komwe?"

"Alipo."

"Nanga pamaliro anali kuti?"

A Benedeta anatenga nsapato ina, nayamba kuipukuta kachinayi.

Yankho ankalidziwa, ndipo linali lowawa chifukwa linali la iwo omwe. A Chakufwa Soko anachokera ku Mzimba ali mnyamata kudzalima fodya pa esiteti ina ya kuseri kwa dambo lalikulu, njira yolowera ku Kasiya. Anakumana ndi a Filipo pamsewu m'mawa wina. Ataona mzungu akuyenda mogwedeza chiuno, anamutsanzira mwachipongwe khasu lili paphewa, ndipo anayenda naye phazi ndi phazi mpaka mzunguyo anaima yekha ndi kumugwira chanza. Onse awiri anali obwera, onse awiri Chichewa chinali chikuwavuta, ndipo anachiphunzira limodzi mosekana. Itakwana nthawi yofunsira mbeta mu 1983, a Filipo anakana kutenga mphunzitsi kapena katekisiti. Anati mbale wawo ndi Chakufwa. Abale a a Benedeta anachita manyazi kulandira nkhoswe yonunkha fodya, ndipo m'kupita kwa zaka anazolowera kunena kuti nkhoswe anali wansembe.

Komabe a Chakufwa ankabwera pakhomopo ngati kwawo, kufikira tsiku la chikondwerero a Filipo atapambana kachiwiri mu 2014. Tsikulo m'nyumba munadzaza akuluakulu a chipani ndi akazi awo. A Chakufwa anafika pakhomo la kutsogolo, jekete lili long'ambika pachigongono, atanyamula nkhuku ya mphatso. A Benedeta anawakumana pakhomo pomwepo, nayang'ana alendo m'katimo, nati, "Zungulirani kuseri, ogwira ntchito akudyera kumeneko." A Chakufwa anazungulira, anadya, anasiya nkhuku, napita. Sanabwerenso.

Pali zolakwa zimene munthu amachita mwaphokoso, anthu namudzudzula, nkhani nitha. Pali zina zimene amachita ndi mawu ofatsa, zovala zili zaukhondo, ndipo palibe amene amamufunsa. Zimenezi ndizo zimakhalitsa. A Filipo anamva zimene zinachitika, koma sananene kanthu. Kungoti kuyambira pamenepo, Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ankadzuka m'mbandakucha nati akukawongola miyendo, nabwerako madzulo. A Benedeta ankadziwa kumene ankapita. Kwa zaka zisanu ndi zitatu sanafunsepo, ndipo sanatumizepo moni.

Lachisanu kutangoyera, a Benedeta anamanga duku lawo lakuda nadzutsa Ezeliya.

"Atsibweni ako akafunsa, uwauze kuti ndapita kukaitana munthu wa kuchimuna."

"Amayi, simuyenera kuyenda musanasudzulidwe. Nditumeni ine."

"Amene anathamangitsa munthu ndiye amakamuitana. Iwe sunathamangitse aliyense."

Njira sankaidziwa bwino. Ankangodziwa kuti esitetiyo ili kutsidya kwa dambo, ndipo anaganiza kuti azifunsa. Atafika pamphambano ya kuseri kwa sukulu anaima, osadziwa kolowera. Pamenepo anaona mwala waukulu ngati dzungu, wopakidwa laimu, utakhazikidwa m'mbali mwa njira ya kumanzere. Anakumbukira kachitini ka laimu ndi burashi zimene amuna awo ankanyamula pa maulendo a Lolemba aja. Iwo ankayesa kuti ndi zoyezera misewu ya khonsolo. Analowera kumanzere.

Pamphambano yachiwiri panalinso mwala. Pachitatu chimodzimodzi. Pamene njira inali imodzi yokha panalibe mwala ngakhale mtunda utalike bwanji, koma paliponse pamene munthu akanasokera, mwala unalipo. A Benedeta anayamba kuiwerenga, poti panalibe wocheza naye.

Minda inali itagaulidwa, mizere ikudikira mvula. Anthu okumana nawo ankapatuka mwaulemu ataona duku lakuda, ndipo mayi wina pamjigo anawazindikira.

"Pepani, amayi a khansala. Mjigo uwu malemu anauyendera kuboma kasanu ndi kawiri. Mumwe madzi."

Anamwa, nathokoza, napitirira. Ponseponse m'deralo munali anthu odziwa kanthu kena ka a Filipo kamene iwo sankakadziwa. Anakumbukira sabata yomaliza m'chipatala. Chichewa chinawathawa a Filipo, Chingerezi chinawathawa, natsala ndi chiyankhulo cha amayi awo chokha. Ankayankhula nthawi yaitali, maso ali pa akazi awo, nthawi zina ngati akufunsa funso, ndipo a Benedeta ankangoti, "Eya, eya, ndamva." Wansembe womaliza wa ku Italy anali atachoka zaka khumi m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo mwamunayo analibe woyankhula naye chiyankhulo chake, ndipo akazi ake sanaganizepo zomupempha kuti awaphunzitse ngakhale moni. Panjirapo ndi pamene anazindikira kuti m'nyumba mwawo munali munthu wosungulumwa kalekale, iwo asanakhale wamasiye.

Anawoloka dambo dzuwa litakwera, mapazi atatupa. Mwala wa khumi ndi chisanu ndi chitatu unali kuseri kwa zigafa za fodya, pakanjira kolowera ku kanyumba kofolera udzu. Pakhomo pake panakhala nkhalamba yowonda, ikupota chingwe cha khonje pantchafu. Mutu wake unali wometedwa kumene, ndipo malo ena munali mabala a lumo.

"Odi."

Nkhalambayo inasiya kupota, nitembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo.

"Mawu amenewa ndikuwadziwa. Kodi ndi alamu?"

"Ndine, alamu."

A Chakufwa anafufuza ndi dzanja mpando wachikumba kuti awapatse, koma a Benedeta anakhala pansi padothi. Anapatsana moni wa maliro monga mwa mwambo, mawu ndi mawu, osadumpha kanthu. Pamenepo a Benedeta anaona kuti maso a nkhalambayo anali otuwa ngati madzi a mpunga.

"Ndinamva kwa kapitawo, ataikidwa kale," anatero a Chakufwa. "Ndinakhala pano masiku atatu, kenaka ndinameta ndekha."

"Bwanji simunabwere ngakhale pambuyo pake?"

"Pamaliro a khansala pamakhala akuluakulu. Ndinati ndikavutitsa anthu kundipezera pokhala."

A Benedeta anayang'ana pansi. Mawu amene anakonza panjira yonse anaoneka ochuluka kwambiri, choncho ananena ochepa.

"Ndinakuchimwirani, alamu. Tsiku lija ndinachita manyazi ndi jekete lanu pamaso pa anthu amene lero sindikuwakumbukira n'komwe maina. Ndabwera kudzapepesa. Ndabweranso kudzapempha, ndipo sindibisa kuti pakanapanda chopemphacho mwina sindikanafika."

A Chakufwa anatenganso chingwe chawo, nachipota pang'ono.

"Nyama ya kuseri ndi ya kutsogolo inali imodzi tsiku lija, inali yokoma," anatero. "Koma zinandipweteka, sindinama. Ndinapita ngati mbale, ndinabwerera ngati waganyu."

"A Filipo sanandidzudzulepo."

"Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati akakudzudzulani mudzandiitana chifukwa cha iwo, osati chifukwa cha ine. Anati adikira kuti mudzafunse nokha kuti Chakufwa ali bwanji."

"Zaka zisanu ndi zitatu?"

"Munthu woyenda makilomita makumi asanu, kudikira amakudziwa. Ine ndinkawauza kuti kudikira kwinako ndi kuuma mutu. Tinkakangana pomwe mwakhalapo. Iwo ouma mutu, ine wouma mutu, inu ouma mutu. Banja labwino kwabasi."

A Benedeta anaseka mosayembekezera, koyamba chiyambire matenda, ndipo kusekako kunathera m'misozi. A Chakufwa anawaleka mpaka anatonthola okha.

"Kodi miyala mwaiona panjira?"

"Ndaiona. Ndiyo yandifikitsa kuno."

"Maso atayamba kuchita nkhungu, ndinawauza kuti aleke kundinyengerera, poti ngakhale nditafuna kubwera, njira sindingaionenso. Mwezi wotsatira anabwera ndi chitini. Nkhope yanu sindikuiona, alamu, koma choyera ndimachiona. Mwezi ndi mwezi ankapaka, mvula ikachotsa, kupakanso. Ilipo khumi ndi isanu ndi inayi, anandiwerengera."

"Ine ndawerenga khumi ndi isanu ndi itatu."

"Ndiye kuti umodzi mwaudumpha."

Pamenepo a Benedeta anafotokoza za Loweruka, za mpando wopanda munthu, za Ignatius, nsapato ndi malaya abuluu. A Chakufwa anamvetsera osadula mawu.

"Kwathu ku Mzimba mwambo wake ndi wina," anatero pomaliza. "Koma ndakhala kuno zaka zoposa makumi anayi, mawu ake ndikuwadziwa."

"Nditumiza njinga yamoto idzakutengeni."

"Musatumize. Munthu anapaka miyala kuti ndiyende, osati kuti ndiidutse ndili pamsana pa wina."

"Koma mubweradi, eti?"

"Pitani, alamu, dzuwa lakwera. Kabaza mumupeza pagolosale ya kumsewu."

Sanalonjeze kanthu, ndipo a Benedeta anadziwa kuti analibe mphamvu yowakakamiza.

Loweruka anthu anasonkhana molawirira. Amayi anameta a Benedeta pang'ono pamphumi, nawakhazika pamphasa kumbali ya abale awo. Kumbali inayo kunali mpando umodzi wopanda munthu. Ignatius anakhala m'tenti ndi anzake a chipani, nkhuku yake ili m'galimoto, ndipo mmodzi wa anzakewo anali atakonzeka kale kujambula ndi foni. A Adamson anali atakwiya ndi ulendo wa dzulo lake, komabe anavomera kudikira mpaka dzuwa litafika pamutu.

Nthawi inapita. Amayi a nazale aja anali atamanga kale akatundu awo, akuyang'ana kumwamba. A Benedeta ankayang'ana kumsewu. Kunadutsa ngolo, kunadutsa mayi wosenza nkhuni, kenaka kunalibenso munthu. Anayamba kudzifunsa ngati kunali koyenera kuti munthu amene anamuiwala zaka zisanu ndi zitatu awakumbukire pa tsiku limodzi, ndipo sanapeze chifukwa.

Mithunzi itafupika, a Adamson anaimirira.

"Tadikira mokwanira. Anthu ali ndi minda. Bambo wapampando, tiyeni."

Ignatius anaimirira, namanga batani la jekete, nayamba kuyenda kulunjika pampando uja.

"Taimani, atsibweni," anatero Ezeliya, akuloza kusukulu.

Pamphambano ya kuseri kwa sukulu panali nkhalamba yogwira ndodo, nkhuku ili m'khwapa. Inaima, inawerama ngati ikufuna kanthu pansi, kenaka inawongoka nitembenukira kunyumba ya a Filipo. Inkayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu onse anaiyang'ana mpaka inalowa pachipata. Inali itavala jekete lomwe lija, chigamba chili pachigongono. Fumbi linali litafika m'mawondo.

"Kodi agogowa ndi ndani?" anafunsa Ignatius.

Wamasiye sayankhula pabwalo lotere, koma a Benedeta anayankhula, ndipo onse anamva.

"Ndi nkhoswe ya amuna anga. Ndiwo anadzawapereka pakhomo pano."

Maso onse anatembenukira kwa a Adamson. Iwo anakhala kanthawi akusisita chibwano. Anali munthu wokonda kuti zinthu zithe msanga, koma sanali wabodza pamene choona chaima pamaso pawo.

"Ndinalipo mu 1983," anatero. "Ndi iwowa. Ezeliya, agwire dzanja uwakhazike pampando."

"Nanga ife tinagwirizana zotani, a Adamson?" anatero Ignatius motsitsa mawu. "Tenti iyi, mipando iyi."

"Tenti tiithokoza ikafika nthawi ya zothokoza. Khalani pansi, bambo wapampando."

A Chakufwa anamwa madzi, napuma, naimirira atatsamira ndodo.

"Ine ndine Chakufwa Soko. Munthu amene tikumulirayu analibe mayi kuno, analibe malume, anali ndi ine. Ndinadzamupereka pakhomo pano ali ndi mphamvu, ndipo a pano anamulandira, anamupatsa malo, anamupatsa mwana. Mayiwa anakhala naye ali moyo, anamusamala akudwala, anamuika m'manda. Ife a kuchimuna tilibe nawo chifukwa." Anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli a Benedeta. "Ngakhale chimodzi tilibe. Ndi mfulu. Apite kumunda, apite kumsika, aseke akafuna kuseka."

Anapereka nkhuku kwa a Adamson ndi manja awiri, ndipo amayi anaomba m'manja mwaulemu. A Adamson anatulutsa nsapato ndi malaya abuluu aja, naziika pamapazi pa a Chakufwa monga katundu wopita kuchimuna. Ignatius anasendera, nagwadanso.

"Agogo, zinthuzi tikanakonda kuti chipani chizisunge, anthu aziziona."

A Chakufwa anafufuza malayawo ndi zala, napinda bwino.

"Awa apite kwa mwana, akumbukire kumene bambo ake anachokera. Nsapatozi ndivala ine pobwerera, zanga zathera panjira. Anthu azizionera kumapazi kwanga. Inu muli ndi galimoto."

Anthu anaseka, ndipo Ignatius anasekanso nawo, pakuti panalibe china chochita.

Pasanapite nthawi bwalo linayamba kuyera. Anyamata a chipani anazula tenti nakweza mipando. Amayi asanu ndi awiri aja anatsazika mmodzimmodzi, akatundu ali pamutu. A Adamson anapita kukaona nazale yawo, ndipo Ezeliya analowa kukhitchini. A Benedeta anaimirira pakati pabwalo. Tsopano anali mfulu kupita kulikonse, ndipo panalibe kumene ankafuna kupita. Panatsala mabowo a zikhomo za tenti, ndi nkhalamba imodzi pampando.

"Alamu, tiyeni m'nyumba mukadye."

A Chakufwa anaimirira, nsapato za mnzawo zili m'manja. Atafika pakhonde anagwira khoma, nayamba kulitsata kulowera kuseri, monga anauzidwira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. A Benedeta anatsegula pakamwa kuti awabweze, koma asananene kanthu nkhalambayo inaima yokha. Inabwerera masitepe awiri, niwerama pamwala uja wa pafupi ndi khomo la kutsogolo.

"Panjira ndawerenga khumi ndi isanu ndi itatu, ngati inu," anatero. "Ndimayesa kuti wina anaba umodzi."

Anausisita ndi chikhatho. Laimu wake anali wochindikala, wopakidwa pamwamba pa wina, mwezi pamwamba pa mwezi.

"Wakhala pamenepa nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambireni kunyamula chitini chija," anayankha a Benedeta. "Ndinkawauza kuti auchotse, anthu akupunthwa. Ankangoti uli ndi mwini wake."

A Chakufwa anawongoka. Anagogoda mwalawo kawiri ndi ndodo, monga munthu agogodera pakhomo pa mnzake. A Benedeta anakankha chitseko, nachigwira kuti chisabwerere, ndipo nkhalambayo inalowa.